Mukabwerera kwanu ku San Diego: mafunso ndi mayankho pa za ma taco

Anthu amene adakulira ku San Diego n'kusamukira kwina ali ndi chizolowezi chodziwika: akatsika ndege pobwera kudzaona abale, asanafike n'kunyumba komwe, amayamba akhotera pa taco shop, malo ogulitsa ma taco. Taco ndi nyama kapena nsomba yoikidwa mu tortilla, kamkate kafulati kopyapyala ka chimanga kapena tirigu. Mzindawu uli kumapeto kwenikweni kwa California m'dziko la America, kuchita malire ndi Tijuana wa ku Mexico, ndipo kaphikidwe kake ndi kakekake. Mayankho ali m'munsiwa ndi a munthu amene wabwerera kwawo kwa masiku owerengeka, komanso mlendo amene waperekeza mnzake ndipo sakufuna kumangoloza chala pa chithunzi.

Kodi taco shop ikusiyana bwanji ndi lesitilanti ya zakudya za ku Mexico?

Pa taco shop palibe wokufunsani kuti mukhale pati. Mumafika pa kauntala, n'kuwerenga bolodi lalikulu lomwe lili pamwamba, kulipiriratu, kenako kudikira kuti aitane nambala yanu. Ambiri ali ndi zenera logulirapo muli m'galimoto, ndipo ena satseka usiku wonse. Chakudya chimabwera chokulunga m'pepala, salsa, msuzi wa tsabola, mumadzitungira nokha m'timakapu tapulasitiki. Ku lesitilanti mumakhala pansi, woperekera zakudya amabweretsa tizidutswa ta tortilla tokazinga ndi salsa musanaitanitse kanthu, ndipo mbale imabwera ndi mpunga ndi nyemba pambali. Kumeneko tipu, ndalama yothokoza woperekera zakudya, ya 15 mpaka 20 peresenti imayembekezeka. Konseko mtengo wolembedwa pabolodi sukhala ndi msonkho, choncho onjezerani pafupifupi 8 peresenti m'mutu mwanu.

Pali mtundu wachitatu, taquería ya kaphikidwe ka ku Tijuana, imene tiyifotokoza payokha chifukwa ndi imene imasokoneza alendo kwambiri.

N'chifukwa chiyani malo ambiri ali ndi mayina othera ndi "berto's"?

Gwero lake ndi banja la Roberto Robledo ndi mkazi wake Dolores, ochokera m'chigawo cha San Luis Potosí ku Mexico. Iwo adayamba ndi kupanga ma tortilla ku San Ysidro, dera la pamalire la San Diego, mu 1964, ndipo m'menemo ndi momwe mudatuluka Roberto's Taco Shop. Abale ndi anthu amene adaphunzira ntchito m'makhitchini amenewo adakatsegula malo awoawo, n'kumapatsa mayina oyandikira: Alberto's, Aliberto's, Hilberto's, ndi Filiberto's amene adafalikira ku Arizona. Mabolodi awo amafanana, ngakhalenso mitundu ya penti, yofiira ndi yachikasu.

Kufanana kwa dzina sikutanthauza kufanana kwa dzanja la wophika. Ngakhale nthambi ziwiri za dzina limodzi zimatha kusiyana, chifukwa nyama amadula ndi kuikoleretsa pomwepo. Ndiye mbale wanu akati "tipite ya pa msewu wakutiwakuti, osati inayo", musatsutse, akudziwa chimene akunena.

Ndili ndi masiku atatu okha. Ndiyambe ndi chiyani?

Yambani ndi carne asada burrito, chifukwa ndiyo muyeso wa malo alionse. Ya ku San Diego ili ndi zinthu zitatu zokha zokulungidwa m'kati mwa tortilla yaikulu ya ufa wa tirigu: nyama ya ng'ombe yowotcha yoduladula, guacamole amene ndi mapeyala opota, ndi pico de gallo, kutanthauza tomato, anyezi, tsabola ndi masamba a koriyanda zoduladula zosaphika. Mulibe mpunga, mulibe nyemba. Pamene zinthu zili zochepa chonchi palibe pobisala: nyama ikakhala yolimba kapena yogona mumadziwa pa kuluma koyamba.

Tsiku lachiwiri idyani California burrito. Ndi carne asada yomweyo, koma aikamo tchipisi cha mbatata ya kachewere, tchizi, ndipo malo ambiri amathiramo kirimu wowawasa. Iyi siyifuna kuchedwetsa. Tchipisi chili m'kati mwa tortilla yotentha chimamwa nthunzi, ndipo pakatha mphindi 15 chimakhala chitafewa ngati mbatata yophika. Idyerani pomwepo, ngakhale mutaimirira pambali pa galimoto. Mchimwene wake ndi carne asada fries, mbale ya tchipisi chopyapyala chokwiriridwa ndi nyama, tchizi, guacamole ndi kirimu. A Lolita's amati ndiwo adayambitsa mbale imeneyi m'zaka za m'ma 1990. Ndi yaikulu, imakwanira anthu awiri bwinobwino.

Musanyozere ma rolled taco. Ndi ma tortilla a chimanga opiringiza ngati ndudu, m'kati muli nyama yonyenyanyenya, okazinga m'mafuta ambiri mpaka kukukutika. Kwina amawatcha taquito, ndipo a El Indio, amene Ralph Pesqueira adayambitsa mu 1940, amati dzinali lidachokera kwa iwo. Kaitanitsidwe kake n'kodziwika: atatu kapena asanu, ndi guacamole ndi tchizi pamwamba. Ndiwo otsika mtengo kwambiri pabolodi, n'chifukwa chake ana a sukulu a kumeneko amakula nawo, ndipo ambiri obwerera kwawo amapeza kuti chimene adachisowa kwambiri ndi iwowa, osati mbale zodula.

Ndimagula burrito kumene ndikukhala tsopano, koma siyikoma ngati ya kwathu. Vuto n'chiyani?

Nthawi zambiri mukudya burrito ya mtundu wina. Imene idafalikira m'dziko la America ndi kunja ndi ya ku Mission District ku San Francisco: yodzaza mpunga ndi nyemba, tortilla yofewetsa ndi nthunzi, yokulunga m'pepala la aluminiyamu. Ya ku San Diego amaitenthetsa pa plancha, chiwaya chafulati chachitsulo, ndiye imakhala ndi timadontho topserera ndipo imatafunika. Ku Texas nako n'kwina: tchizi chachikasu chosungunula, zokometsera za cumin zambiri, ndi ma taco a m'mawa okhala ndi mazira. Zonsezi n'zabwino pa malo ake, koma si zomwe lilime lanu likukumbukira.

Chachiwiri ndi msinkhu wa tortilla. Taco shop ya ku San Diego imalandira ma tortilla tsiku ndi tsiku kuchokera ku tortillería, malo opangira ma tortilla, ya pafupi. Kutali ndi malire ambiri amagwiritsa ntchito a m'paketi, okhala ndi mankhwala oti asaonongeke msanga, ndipo amamveka kuwawasa pang'ono ndi kumata m'kamwa.

Malo amene ndinkawakonda adasintha eni ake. Ndingadziwe bwanji kuti akadali abwino?

Gulani taco imodzi ya carne asada musanaitanitse za banja lonse, ndipo muone izi.

Tortilla ya chimanga ikhale yotentha, yonunkhira chimanga, yopindika osathyoka. Ikang'ambika pakati mutangoinyamula, ndiye kuti ndi yogona kapena sanaitenthetse mokwanira. Nyama ikhale ndi m'mbali mopserera. Ikaoneka yotuwa ndiponso ikudontha madzi, adaiwotcha kale n'kuisunga m'chitsulo chotentha, mmene imangobwatira m'madzi akeake. Mvetserani kukhitchini: phokoso la chikwanje chikudula nyama pa thabwa ndi chizindikiro chabwino, chifukwa akudula imene yangochoka pamoto.

Kenako pitani pa tebulo la salsa. Makontena akhale pa madzi oundana kapena m'malo ozizira, m'mphepete mwake musakhale salsa youma. Karoti woviika mu viniga pamodzi ndi tsabola wa jalapeño akhale wokukutika, osati wofewa. Guacamole wothira madzi mpaka kuyenderera ndi wamba pa ma rolled taco, koma m'burrito ayenera kukhala wolimba.

Pomaliza yang'anani chikwangwani pa zenera. Akuluakulu a zaumoyo a m'boma la San Diego amayendera malo odyera n'kupereka chilembo A, B kapena C, ndipo A amapereka kwa amene apeza mapointi 90 kupita m'mwamba. Mzere wa anthu ovala zovala za ntchito nthawi ya nkhomaliro umanena zambiri kuposa nyenyezi za pa intaneti.

Pa taquería ya ku Tijuana pamakhala mizere ingapo. Ndiime pati?

Pa malo ngati Tacos El Gordo, amene adayambira ku Tijuana mu 1972 n'kutsegula ku Chula Vista, pafupi ndi San Diego, mu 1998, nyama iliyonse ili ndi mzere wake ndi wodula wake. Mumatenga thireyi, n'kuima pa mzere wa nyama imene mukufuna, kuuza wodulayo chiwerengero, ndipo mumalipira pamapeto. Mukakhala angapo gawanani mizere, apo ayi ma taco oyamba azizira mukudikira achiwiri.

Mzere wautali umakhala wa adobada. Ndi nyama ya nkhumba yodula mopyapyala, yoviika mu tsabola wofiira wouma, viniga ndi zokometsera, yosanjikiza pa chitsulo choimirira chotchedwa trompo chimene chimazungulira pafupi ndi moto. Ku Mexico City amaitcha al pastor. Kawotchedwe aka kadabwera ndi anthu ochokera ku Lebanon amene adakhazikika ku Puebla, n'chifukwa chake kamafanana ndi shawarma. Onetsetsani kuti wodulayo akusenga kunja kopsa bwino. Anthu akachuluka nyama imadulidwa isanapse mokwanira, ndipo wodziwa ntchito amaimalizitsa pa plancha.

Mayina ena oti muwadziwe: cabeza ndi nyama ya kumutu kwa ng'ombe yophika ndi nthunzi, lengua ndi lilime, tripa ndi matumbo, suadero ndi nyama yopyapyala ya cha kumimba. Munthu wozolowera zam'kati za pa chiwaya sangavutike ndi tripa, koma muuze wodulayo kuti "bien dorada" kuti aikazinge mpaka kuuma. Akafunsa kuti "¿con todo?" akutanthauza anyezi, koriyanda, salsa ndi guacamole. Mulita ndi ma tortilla awiri okhala ndi nyama ndi tchizi pakati, pamene vampiro ndi tortilla youmitsa pamoto mpaka kukukutika. Ma taco a mtundu uwu ndi aang'ono, munthu wamkulu amadya atatu kapena anayi.

Sindidya nkhumba. Ndisamale ndi ziti?

Adobada, carnitas, chorizo, buche ndi chicharrón zonse ndi za nkhumba. Zimenezo n'zoonekera. Chobisika ndi manteca, mafuta a nkhumba, amene malo ambiri amathira mu nyemba zopota zokazinga, mu ma tortilla a ufa wa tirigu ndi mu tamales, mtanda wa chimanga wophika m'makoko. Funsani kuti "¿lleva manteca?" ndipo mufunse za chinthu chilichonse pachokha. Ma tortilla a chimanga amapangidwa ndi chimanga, laimu wa zakudya ndi madzi basi, koma ena amawanyowetsa m'mafuta a adobada powatenthetsa. Plancha nayo imakhala imodzi ya nyama zonse, choncho amene lamulo la chipembedzo chawo n'lolimba asankhe malo ophika nsomba zokha kapena za masamba zokha. Osadya nyama adziwenso kuti mpunga wofiira uja nthawi zambiri amauphika ndi msuzi wa nkhuku.

Nanga taco ya nsomba?

Kwawo ndi ku Baja California ku Mexico, m'matauni a Ensenada ndi San Felipe. Ralph Rubio adailawa ku San Felipe n'kutsegula malo ake oyamba pa Mission Bay Drive mu 1983, ndipo kuyambira pamenepo idakhala chizindikiro cha mzindawu. Ili ndi mnofu wa nsomba yoyera woviika m'phala la ufa lothira mowa, wokazinga, kabichi wodula mopyapyala, kirimu woyera ndi ndimu. Mafuta ayenera kukhala pa madigiri a Celsius 180 mpaka 190. Akazizira phala limamwa mafuta, ndipo mumaona pepala lanyowa. Yabwino kwambiri imapezeka kawirikawiri pa magalimoto ogulitsa mariscos, zakudya za m'nyanja, amene ambiri amakupatsani kakapu ka msuzi wotentha mukudikira.

Salsa yowawa kwambiri ndi iti, yofiira kapena yobiriwira?

Mtundu sukuuzani. Yobiriwira imapangidwa ndi tomatillo, chipatso chokhala m'kathumba ngati jamu, pamodzi ndi jalapeño kapena serrano, ndipo nthawi zambiri ndi yofatsa. Komabe pali ina yobiriwira yosalala ngati mapeyala imene ndi tsabola yekhayekha wopera ndi mafuta, ndipo imaluma. Pa muyeso wa Scoville, woyezera kuwawa kwa tsabola, jalapeño ali pakati pa 2,500 ndi 8,000, chile de árbol amene amapangira yofiira ali pakati pa 15,000 ndi 30,000, pamene habanero amayambira pa 100,000. Habanero ndi wa mtundu umodzi ndi kambuzi, ngakhale fungo limafanana. Mukaona salsa yachikasu kapena anyezi wofiirira wosakaniza ndi tizidutswa tachikasu, ndi ameneyo. Donthezani pang'ono pa chala kaye. Mukapsa m'kamwa madzi sathandiza, chifukwa chimene chimawawacho chimasungunuka m'mafuta. Mkaka kapena kirimu ndiye mankhwala ake.

Zakumwa zili m'mitsuko ikuluikulu yagalasi zija n'chiyani?

Yoyera ndi horchata, ya mpunga ndi sinamoni. Yofiira ndi jamaica, imene ndi chidede chowiritsa chothira shuga. Yofiirira ndi tamarindo, madzi a bwemba.

Achibale okalamba akufuna malo okhala pansi. Tipite kuti?

Old Town ndi kumene alendo ambiri amapita, ndipo ku Old Town Mexican Cafe mumaona amayi akuumba ma tortilla ndi manja pafupi ndi zenera. Malowa amadzaza madzulo a Loweruka, choncho fikani msanga. Barrio Logan ndi dera lakale la anthu ochokera ku Mexico. Kumeneko n'kumene Las Cuatro Milpas idayambira mu 1933, n'kutchuka ndi nyemba, chorizo ndi ma tortilla aufa opanga pamanja. Mukadya yendani pang'ono mukaone zithunzi zojambula pa zipilala za mlatho wa Coronado ku Chicano Park, paki imene anthu a m'deralo adailimbirana mu 1970. Malo akale a mabanja amasamuka, ena amatseka zakudya zikangotha masana, enanso amalandira ndalama zapamanja zokha, ndiye imbani foni musananyamule agogo. Menudo, msuzi wa chifu cha ng'ombe ndi chimanga chofufuma, malo ambiri amaphika Loweruka ndi Lamlungu m'mawa mokha.

Kodi n'koyenera kuwoloka malire kukadyera ku Tijuana?

Ngati muli ndi tsiku lathunthu, inde. Sitima ya m'tauni ya Blue Line imakafika ku San Ysidro, pomwe mumawoloka wapansi. Kupita n'kosavuta, chovuta n'kubwerera: chipata chimenechi ndi chimodzi mwa zotanganidwa kwambiri padziko lonse, ndipo mzere umatha kutenga maola. Nyamulani pasipoti, ndipo amene si nzika za America atsimikize kaye kuti chitupa chawo chiwalola kulowanso. Birria, nyama ya ng'ombe yophika nthawi yaitali m'msuzi wa tsabola, ndi chakudya cha m'mawa kumeneko, pamene ma taco owotcha pa makala amayamba madzulo. Pobwerera musanyamule nyama ya nkhumba kapena mapeyala okhala ndi nthanga, ndipo chakudya chilichonse muli nacho chinenereni kwa a kasitomu.

Ndingatenge chiyani pobwerera kumene ndikukhala?

Ma tortilla ndi tsabola wouma ndiwo amayenda bwino. Gulani ma tortilla tsiku lonyamuka, asiyeni azizire asanalowe m'pulasitiki kuti nthunzi isawachititse nkhungu, ndipo mukafika aikeni mufiriza mutalekanitsa khumikhumi. Salsa ndi guacamole pa bwalo la ndege amaziwerenga ngati zamadzi, choncho m'chikwama cha m'manja sizipitirira mamililita 100. Burrito ya nyama isakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri. Ngati mukufunadi kuinyamula, itanitsani yopanda guacamole, kirimu ndi tomato, iumitseni mufiriza usiku wonse, ndipo poitenthetsa pakati pake pafike madigiri a Celsius 74. Izi ndi za ulendo wa m'dziko lomwelo, chifukwa mayiko ambiri salola nyama yophika kulowa.

Ndayesa kupanga tortilla ndi ufa wa mgaiwa koma ikungonyenyeka. Ndikulakwitsa pati?

Simukulakwitsa kakandidwe, ufawo ndi umene sungagwirane. Chimanga kwawo ndi ku Mexico, ndipo chidafika ku Africa ndi Apwitikizi, koma njira yochiphikira ndi laimu idatsalira kumeneko. Njirayi, imene imatulutsa chimanga chotchedwa nixtamal, imasungunula khungu la njere ndi kusintha chimangacho kuti chikaperedwa chikhale chonanda. Imamasulanso niacin, vitamini amene thupi silitha kumutenga bwino m'chimanga wamba. Kusowa kwake kumayambitsa pellagra, matenda amene adagwira anthu ambiri othawa nkhondo a ku Mozambique m'Malawi mu 1990. Kuviika mphale m'madzi wamba, ngati popanga ufa woyera, sikuchita zimenezi. Amene amadziwa mmene chidulo chimafewetsera therere amvetsa msanga, ndipo ku Mexico komweko madera ena amagwiritsa ntchito phulusa m'malo mwa laimu.

Pa kilogalamu imodzi ya chimanga chouma chosakonola, tengani magalamu 10 a laimu wa zakudya, calcium hydroxide, ndi malita atatu a madzi. Laimu womangira nyumba ayi, ndipo poto asakhale wa aluminiyamu chifukwa laimu amamudya. Wiritsani pa moto wochepa mphindi 30 mpaka 45, kufikira khungu likusupuka mukatikita njere ndi zala koma pakati pakadali poyera ndi polimba. Phulani, vundikirani, chigone m'madzi omwewo maola 8 mpaka 12. M'mawa tsukani kawiri kapena katatu mukutikita, koma musachotse khungu lonse, chifukwa lotsalalo ndi limene limathandiza kumata. Perani chikadali chonyowa, pa mphero kapena pa chigayo chapamanja, kawiri ngati n'kofunika, mpaka chisalale.

Laimu akachuluka mtanda umachita chikasu kwambiri ndi kuwawa ngati sopo. Mukaphikitsa umamata m'manja ngati ulimbo, ndipo palibe choukonzera. Ukauma tortilla imang'aluka m'mbali, apo thirani madzi supuni imodziimodzi. Umbani timipira ta magalamu 30, kanikizani pakati pa mapepala awiri apulasitiki ndi pansi pa mbale mpaka mulifupi mufike masentimita 12. Ikani pa chiwaya chotentha chopanda mafuta masekondi 30, tembenuzani ikhale mphindi imodzi, tembenuzaninso. Ikatukumuka ngati chibaluni ndiye kuti zonse mwachita bwino. Sanjikizani m'kansalu kuti nthunzi imalize kuifewetsa. Kumene kuli masitolo a zakudya za ku Latin America, ufa wolembedwa kuti masa harina ndi chimanga chomwechi chouma, chongofuna madzi ofunda.

Ndipo nyama yake?

Pa carne asada funani nyama ya ng'ombe yopyapyala yokhala ndi ulusi wautali, imene ogulitsa nyama a ku Mexico amaitcha arrachera kapena ranchera, yosapitirira sentimita imodzi ndi theka kukhuthala. Pa kilogalamu imodzi finyani malalanje awiri ndi ndimu ziwiri, sinjani adyo zidutswa zinayi, thirani mchere masupuni aang'ono awiri ndi mafuta masupuni aakulu atatu. Ikhale mufiriji maola awiri mpaka anayi. Ikagona usiku wonse asidi wa ndimu amaifewetsa kunja mpaka kukhala ngati phala. Ipukuteni isanapite pamoto, chifukwa yonyowa imabwata m'malo mopserera. Makala akhale oyaka psuu, oti dzanja silingapirire pamwamba pake masekondi atatu, ndipo mbali iliyonse ipse mphindi zitatu kapena zinayi. Ipumitseni mphindi zisanu kuti madzi asathawire pa thabwa, kenako dulani modutsa ulusi, osati motsatira, musanaiduledule tizidutswa tating'ono ngati nyemba.